Loboti yomenyana yopangira kunyumba: zoyenera kuchita m'masabata 8 mpikisano usanafike

Funso

Ndalembetsa nawo mpikisano wa maloboti omenyana umene uchitike pakatha masabata 8, m'gulu la makilogalamu 1.36. Sindinapangepo loboti chiyambire. Ndili ndi makina obowolera a m'manja ndi chowotcherera mawaya, ndipo mnzanga ali ndi printer ya 3D. Ndikufuna loboti ya chitsulo chozungulira ngati zija timaona pa pulogalamu ya pa TV ya BattleBots. Ndiyambire pati, ndigule chiyani, nanga chimene chimagwetsa ongoyamba kumene n'chiyani?

Yankho

Masabata 8 ndi okwanira, koma musanagule ngakhale kabawuti kamodzi mvetsani ichi. Maloboti ambiri a anthu ongoyamba kumene sagonja chifukwa choti chida cha mnzawo chinali choopsa. Amangoima okha. Waya wazuka pa mota, tayala lasololoka n'kumagudubuzika palokha m'bwalo, kapena batire lasuntha n'kudzigulula pa pulagi. Loboti ikasiya kuyenda, woyimbira amawerenga mpaka 10, nkhondo n'kuthera pomwepo. Ndiye chimene mukupanga poyamba ndi kagalimoto kouma mutu, koti kayendebe mphindi zitatu zathunthu ngakhale atakamenyetsa kukhoma kangapo. Chida chibwere pambuyo.

Werengani malamulo a mpikisano wanu onse, kawiri. Mipikisano yambiri ya ku America imatengera malamulo a bungwe la SPARC, ya ku Britain a Fighting Robot Association, koma wokonza mpikisano aliyense amasintha zina ndi zina. Ngakhale dzina la gulu limapusitsa. Gulu lanuli limatchedwa beetleweight: ku America ndi mapaundi 3, pafupifupi magalamu 1,360, pomwe ku Britain ndi magalamu 1,500. Amene watengera pulani ya ku Britain osayang'ana amakafika pasikelo atapitirira ndi magalamu 140. Onaninso ngati akufuna chida chogwira ntchito kapena amalola loboti yongokankha, ngati pansi pa bwalo ndi pa chitsulo kapena thabwa, ngati maginito ndi ololedwa, komanso ngati m'bwalomo muli dzenje lokankhiramo mdani. Zamadzimadzi, maukonde, zosokoneza mafunde a limoti ndi zogwiritsa shoko n'zoletsedwa pafupifupi paliponse.

Mtundu wa loboti

Zimene mumaona pa BattleBots ndi za mapaundi 250, makilogalamu 113, zopangidwa ndi magulu a anthu amene anaphwanyitsa maloboti ambirimbiri asanafike pamenepo. Mitundu yake ndi yomweyo ngakhale m'gulu laling'ono. Pali yafosholo, imene imalowa pansi pa mnzake n'kumukankha kapena kumunyamula. Pali ya chida chozungulira choimirira, chimene chimaponyera mdani m'mwamba. Ndiye pali ya chida chozungulira chogona, chimene chimakhapa cham'mbali.

Malangizo athu ndi akuti mupange thupi lafosholo, koma kutsogolo musiyeko malo ndi kulemera kwa chida. Likamayenda bwino pofika sabata yachinayi, ikani chidacho. Likapanda kutero, pitani nalo lili choncho ngati malamulo akulola, kulemera kotsalako mukuike m'fosholo yolimba. Fosholo yoyendetsedwa ndi munthu amene waizolowera imagonjetsa chida choopsa chimene mwini wake wachimaliza usiku woti mawa ndi mpikisano.

Loboti yanu idzagadabuzidwa ndithu, musakayike. Njira yapafupi yothana nazo ndi matayala otulukira pamwamba ndi pansi pomwe, kuti iziyenda ngakhale ili chagada. Yang'aniraninso mbali zake: ikaima chammbali kapena chapamphuno, matayala onse ali m'malere, yagonja ngakhale zonse zili bwinobwino m'kati. Dulani katoni mupange chifanizo cha msinkhu wake weniweni, muchiimike mbali iliyonse. Pamene chikukhazikika osagwa, ikanipo kanyanga kochigwetsa. Mukatero jambulani pa kompyuta, pa pulogalamu ya Onshape kapena Autodesk Fusion, n'kuikamo batire, mamota ndi mawaya omwe. Ambiri amaiwala malo a mawaya, kenako n'kumakanikiza chivundikiro ndi bondo.

Kugawa magalamu

Tengani sikelo yowerenga galamu imodzi imodzi ndipo chilichonse chikafika chiyezeni nokha, chifukwa zimene ogulitsa amalemba nthawi zambiri sawerengera mawaya ndi mapulagi. Poyambira pabwino pogawa magalamu 1,360 ndi apa: 400 chida chonse pamodzi ndi mota yake, shafuti ndi lamba, 250 mamota oyendetsa ndi matayala, 80 batire, 90 ma ESC (tizipangizo tolamula magetsi opita ku mota), receiver (kachipangizo kolandira mafunde a limoti), swichi ndi mawaya, 400 thupi ndi zoteteza, 90 mabawuti ndi manati, 50 otsalawo musawakhudze. Adzatha okha ndi guluu, tepi, siponji ndi tizinthu timene simunatiganizire. Mabawuti ndi amene amadabwitsa anthu kwambiri. Bawuti imodzi siioneka kanthu, koma makumi anayi amalemera ngati batire.

Miyendo ya loboti

Apa ndiye poika mtima. M'gulu lino anthu amagwiritsa ntchito mamota okhala ndi bokosi la magiya lomangidwira kutsogolo, a mamilimita 22 kapena 25 m'mimba mwake. Sankhani a magiya a mtundu wa planetary, achitsulo, chifukwa mphamvu ya kugunda imagawikana pa magiya angapo m'malo mothera pa dzino limodzi. Timamota ta N20 tisiyeni. N'ta maloboti a magalamu 150 ndi 454, ndipo m'gulu lanu magiya ake amagweluka mano pa nkhondo yoyamba.

Liwiro muliwerengere musanagule. Tayala la mamilimita 50 likazungulira kamodzi limayenda mamilimita 157. Mota yotulutsa 900 rpm (maulendo 900 pa mphindi) imazungulira maulendo 15 pa sekondi, ndiye loboti iyenda pafupifupi mamita 2.4 pa sekondi, kucheperako pang'ono ikasenza kulemera kwake. Mabwalo ambiri a gulu lino ndi a mamita awiri kapena atatu okha m'lifupi, choncho liwiro limeneli ndi lokwanira. Mukapitirira apo mudzangomenya makoma nokha mdani akukuonererani.

Mphamvu yokankhira siichokera ku mota yokha ayi. Imadalira kulemera kumene kwatsamira pa matayala oyendetsedwa ndi mmene labala wake akugwirira pansi. Loboti ya matayala awiri imene theka la kulemera kwake lili pa fosholo yokwekwesa pansi imangopalasa ikakumana ndi mnzake, ngakhale mamota ake akhale amphamvu chotani. Ngati mwasankha matayala awiri, ikani batire ndi zolemera zina pafupi ndi mzere wa matayalawo kuti gawo lalikulu la kulemera likhale pamenepo. Matayala anayi ndi osavuta kuwongolera ndipo kulemera konse kumagwira ntchito. Mungaike mamota anayi, kapena awiri n'kulumikiza matayala a mbali imodzi ndi lamba. Mamota anayi amalemera, koma imodzi ikafa loboti imayendabe.

Matayala asiponji yolimba amanyenyeka msanga, komabe amamwa mphamvu ya kugunda isanafike m'magiya, n'chifukwa chake ambiri amawakonda ndipo amangotenga ambiri osinthira. A labala wofewa amagwira pansi bwino koposa. Apulasitiki youma musayese n'komwe.

Malo amene matayala amatayikira ndi pamene akumana ndi shafuti. Kabawuti kakang'ono kothina cham'mbali kaja kamakhwefuka ndi kunjenjemera, shafuti n'kumazungulira yokha m'kati tayala lili phee. Gwiritsani ntchito chogwirira chopana shafuti mbali zonse, kapena chabowo lofanana ndi shafuti yosemedwa mbali imodzi. Ngati kabawutiko n'kosapeweka, kakhale ndendende pamalo osemedwawo ndipo mukapake Loctite wabuluu, mankhwala oletsa bawuti kumasuka yokha. Motayo muimange malo awiri: kumaso kwa bokosi la magiya, ndi kumbuyo kwake. Yomangidwa kumaso kokha imathyokera pamene mota yakumana ndi bokosilo loboti ikagwa kuchokera m'mwamba. Pakati pa tayala ndi chotchinga chake siyani mpata wa mamilimita 4 kapena 5. Mpata ukachepa, chotchinga chikangopindika pang'ono chimapana tayala, chimene chimayenera kukutetezani n'kukhala buleki.

Magetsi

Batire lozolowereka ndi la LiPo. Selo imodzi imapereka 3.7 V, ikadzaza imafika 4.2 V, ndipo ikatsika kupitirira 3.0 V imawonongeka. La maselo atatu, 3S, ndi 11.1 V, la anayi, 4S, ndi 14.8 V. Onetsetsani kuti mamota ndi ma ESC onse akulola mphamvu imene mwasankha. Kukula kwake werengerani motere: loboti ikamakoka 8 A mwapakatikati kwa mphindi zitatu, yadya 400 mAh. Batire silifunika kulikama mpaka dontho lomaliza, ndiye la 650 mAh likupatsani mpata wabwino. Nambala ya C imasonyeza magetsi amene lingatulutse nthawi imodzi: 650 mAh pa 75C ndi pafupifupi 49 A papepala, ngakhale opanga ambiri amakokomeza nambala imeneyi. Gulani awiri kapena atatu, kuti lina lizitchajidwa lina lili m'bwalo.

Batire la LiPo likabooledwa limayaka, ndipo utsi wake ndi woipa. Tchajani ndi tchaja yolinganiza maselo, pa 1C, kutanthauza 0.65 A pa batire la 650 mAh, lili m'thumba losagwira moto, pasimenti, inu muli pomwepo. Pafupi pakhale ndowa ya mchenga. Lotupa kapena lophwanyika pakona musaligwiritsenso ntchito. Mukamalisunga masiku angapo, selo iliyonse ikhale pa 3.8 V. M'lobotimo likhale ndi kachipinda kakekake, lokutidwa ndi siponji ya mamilimita 3 mpaka 5 mbali zonse, losagwedera. Kenako yang'anani bawuti iliyonse yozungulira kachipindako: ngati nsonga yake yaloza batire, ifupikitseni kapena isunthireni pena. Thupi lapulasitiki limabonyoka likagundidwa, ndipo nsonga imene inali patali mamilimita atatu imakabaya batire.

ESC ndi kachipangizo kamene kamamva lamulo la receiver n'kupereka magetsi ku mota. Mamota oyendetsa amafuna ESC yotha kupita kutsogolo ndi kumbuyo, yopirira magetsi amene mota imakoka itapanidwa osazungulira. Nambala imeneyo ndi imene muziyang'ana, chifukwa pokankhana mota imakhala pafupi ndi pamenepo. Mota ya chida, ya mtundu wa brushless, imafuna ESC yakeyake ya 35 A kapena 40 A. Ma ESC ena amatulutsanso 5 V yopatsa receiver. Ngati awiri akutero, zulani waya wofiira wapakati pa pulagi ya imodzi mwa izo kuti zisalimbane. Ndipo mukaona loboti ikuzima kwa kanthawi nthawi iliyonse imene chida chikuyamba kuzungulira, dziwani kuti batire likugwa mphamvu mpaka receiver kuzima n'kuyambiranso. Mankhwala ake ndi batire lamphamvu kuposa limenelo, kapena kuchuna ESC kuti izidzutsa chida pang'onopang'ono.

Mawaya akhale okutidwa ndi silicone, chifukwa ndi ofewa ndipo sasungunuka msanga: 16 kapena 18 AWG (muyeso wa kunenepa kwa waya, nambala ikachepa waya ndi wonenepa) pochokera ku batire, 20 kapena 22 AWG popita ku mamota oyendetsa. Pulagi ya XT30 ndi yokwanira. Powotcherera, tenthetsani waya ndi chitsulo chomwe mpaka mtovu uyenderere wokha. Mtovu ukangoundana pamwamba ngati kampira, ndiye kuti sunagwire. Kokani waya uliwonse ndi zala mwamphamvu. Woti uzuke, uzukire patebulo panu. Musaukungitse waya, usiyireni kampata koti thupi likapindika usaduke, ndipo pamene wawotchereredwa pa mota pakani guluu wotentha kuti kugwedezeka kusathere pa mtovu. Mapulagi a pa receiver amangeni ndi tepi. Ma ESC ndi receiver musawamange ndi mabawuti pathupi, akuteni ndi siponji kuti aziyandama. Kachingwe kolandirira mafunde kasapanikizike pakati pa zitsulo kapena pansi pa carbon fibre, imene imatchinga mafunde komanso imadutsa magetsi, moti waya wosenduka ukaikhudza zimathetheka.

Oyendera chitetezo adzafuna kuona zinthu zingapo musanalowe m'bwalo. Choyamba ndi swichi yodula magetsi onse, yofikirika kunja popanda kuika dzanja panjira ya chida. Swichi wamba yodina imazima yokha loboti ikagundidwa, ndiye gwiritsani ntchito yothina ndi kiyi wa makona 6, kapena pulagi yozula yotetezedwa bwino. Chachiwiri ndi kanyali kosonyeza kuti loboti ili moyo. Chachitatu ndi chokhomera chida, monga chitsulo cholowetsa pabowo kuti chida chisazungulire, chopakidwa utoto woonekera. Chachinayi ndi failsafe, ndiko kuti loboti iime yokha ikasiya kumva limoti.

Limoti ya 2.4 GHz ngati FlySky FS-i6 ndi yokwanira, koma failsafe musangoganiza kuti inabwera yochunidwa kale. Ma receiver ena amapitiriza lamulo lomaliza mafunde akaduka, ndiye ngati chida chinali pa liwiro lonse, chimakhalabe pomwepo. Yesani chonchi: chotsani chitsulo cha chida pa mota, khazikani loboti pakathabwa matayala ali m'malere, yendetsani matayala ndi mota ya chida, kenako zimitsani limoti. Zonse ziime. Zikapanda kuima, konzani pa tchanelo chilichonse mpaka zitheke. Zolowerani ndondomeko iyi mpaka ilowe m'magazi: poyatsa, limoti poyamba, loboti pambuyo, chokhomera chida n'kuchotsedwa pomalizira, pozimitsa, muzibwerera chambuyo.

Pa limoti yomweyo sakanizani matchanelo awiri kuti ndodo imodzi iziyendetsa kutsogolo, kumbuyo ndi kukhota, ina ikhale ya chida. Mphamvu yokhotera itsitseni kufika pa theka kapena kupitirira pang'ono, apo ayi loboti izingozungulira ngati nguli mukangokhudza ndodo.

Thupi ndi zoteteza

Pano ambiri amathamangira chitsulo, poganiza kuti cholimba ndi chouma. Taonani manambala. Chidutswa cha mamilimita 100 mbali zonse, chochindikala mamilimita 2, chimalemera magalamu 157 chikakhala chachitsulo, 89 cha titanium, 54 cha aluminiyamu, ndi 19 okha cha pulasitiki ya UHMW. Ndiye kuti UHMW yochindikala mamilimita 10 imalemera magalamu 93, pafupifupi chimodzimodzi ndi titanium ya mamilimita 2. Dzino la mdani likamenya UHMW limangosema kachidutswa, pulasitikiyo n'kubwerera m'malo mwake. Likamenya aluminiyamu yopyapyala imapindika n'kukhala chipindikire, ndipo mphamvu yotsala imakathera m'mamota ndi m'magetsi. N'chifukwa chake makoma a UHMW kapena HDPE a mamilimita 8 mpaka 10 ndi abwino kwa inu, komanso amadulika ndi sowo wamba n'kubowoleka ndi makina amene muli nawowo. Guluu sagwira pa mapulasitiki amenewa. Amangeni ndi zomangira za mano akuluakulu zolowa m'pulasitiki, zazitali, mutayamba mwabowola kabowo kocheperako.

Printer ya mnzanuyo igwiritseni ntchito ndi pulasitiki yofewa ya TPU ya 95A (nambala yosonyeza kuuma kwake), osati pulasitiki ya PLA. PLA imaoneka yolimba m'manja koma imasweka ngati mbale yadothi. TPU imapindika n'kubwerera. Ikani makoma 5 kapena 6, chifukwa mphamvu ya chosindikizidwa ili m'makoma kuposa m'kati mwake, ndipo chigonekeni moti kugunda kusabwere mong'amba mizere yake. Vuto la TPU ndi kufewa komweko: siingagwire yokha shafuti ya chida kapena mamota pamalo amodzi. Ipaneni pakati pa mbale ziwiri zouma, yapamwamba ndi yapansi, za carbon fibre, G10 kapena aluminiyamu ya mamilimita 2.

Chitsulo chiikeni pamene mdani adzamenye, pa fosholo. Titanium ya grade 5 ya mamilimita 2, yopendekeka madigiri 30 mpaka 45, imatereretsa chida chogona m'malo mochilandira chamaso. Musasiye kona kapena mutu wa bawuti wotumphuka poti dzino lingakole. Polimbana ndi afosholo anzanu, amene walowa pansi ndiye wapambana, ndiye khalani ndi mafoloko awiri kapena atatu olendewera pa hinjesi, oti azikwekwesa pansi ndi kulemera kwawo. Koma mukakumana ndi chida chogona achotseni, chidzawazula.

Mabawuti a M3 ndi M4 a grade 10.9 kapena 12.9 ndi amene mukufuna. Osachita dzimbiri aja amaoneka bwino koma ndi ofooka powayerekeza ndi amenewa. Bowo likhale patali ndi m'mphepete mosachepera kawiri kukula kwa bawutiyo. Pamene chitsulo chakumana ndi chitsulo pakani Loctite wabuluu kapena ikani nati ya nayiloni m'kati. Loctite asakhudze pulasitiki yoonekera ya polycarbonate, amaing'alula. Ndipo yesetsani kuti loboti yonse izimasulidwa ndi makiyi awiri okha, batire lizituluka pasanathe mphindi ziwiri. Pakati pa nkhondo ziwiri nthawi zina mumapatsidwa mphindi 20 kapena 30 zokha.

Chida chozungulira chija

Tiyeni tiwerengere kuti muone chimene mukusewera nacho. Tengani chitsulo chamtanda cha mamilimita 150, cholemera magalamu 250. Mota ya 1100 KV (kutanthauza 1,100 rpm pa volt iliyonse) pa 14.8 V imazungulira pafupifupi 16,300 rpm isanasenze kanthu. Mukachepetsa ndi lamba pa 2:1, chidacho chifika cha m'ma 8,000 rpm. Pamenepo nsonga yake ikuyenda mamita 63 pa sekondi, omwe ndi makilomita 226 pa ola, ndipo chasunga mphamvu ya majoule pafupifupi 165. Chidutswa chikathyoka pa liwiro limenelo chimaboola thupi la munthu.

Mphamvu yosungidwa imakwera kanayi liwiro likakwera kawiri, n'chifukwa chake ongoyamba amafuna kuzungulitsa kwambiri. Koma pali china chimene chimatsika: kuluma kwa dzino. Pa 8,000 rpm chida chimazungulira maulendo 133 pa sekondi. Ngati chili ndi mano awiri, dzino limadutsa kutsogolo maulendo 267 pa sekondi. Mukamathamangira mdani pa mamita awiri pa sekondi, iye amalowa mamilimita 7.5 okha dzino lotsatira lisanafike. Kwezani liwiro kawiri, kulumako kutsika kufika pansi pa mamilimita 4, chida n'kumangopala ndi kuthetheka moto osaponya kanthu. Cha dzino limodzi, chokhala ndi cholemera mbali inayo, chimaluma mamilimita 15 pa liwiro lomwe lija. Ndiye kumenya kwabwino kumafuna kuti mulowe mwaliwiro, osati kuima n'kumadikira mdani adzigunde yekha. Nthawi yodzukira nayo ndi yofunika: chida chikamatenga masekondi opitirira atatu kuti chifike pa liwiro, mdani wanzeru amakuthamangirani belu likangolira n'kuchipana chisanadzuke.

Chida chogona chikamenya, mphamvu imene yapita kwa mdani imakubwereraninso cham'mbali, nonse n'kuuluka, ndipo nthawi zambiri loboti imadziphwanya yokha. Choimirira chimazungulira mano akukwera kutsogolo, ndiye pomenya loboti yanu imakanikizidwira pansi, pansipo n'kulandira mphamvuyo. N'chosavutirapo kwa woyamba. Chilema chake n'choti mukakhota msanga chida chili pa liwiro, mbali imodzi ya loboti imanyamuka, nthawi zina mpaka kugadabuka. Thupi lotambalala, chida chaching'ono m'mimba mwake, ndi kutsitsa liwiro pokhota zimachepetsa zimenezi.

Chitsulo chake chikhale cha mtundu wouma kwambiri wa AR500, chodulidwa ndi laser kapena makina odula ndi madzi, mabowo onse atabowoleredwa komweko, chifukwa makina anu a m'manja sangachilowe. Chitsulo wamba chimabuntha pa kumenya kuwiri. Shafuti ikhale yosazungulira, ya mamilimita 8 kapena kuposa, yogwiridwa mbali zonse ziwiri, ma bearing ali m'chidamo. Chida chachikulu musachimange mwachindunji pa shafuti yopyapyala ya mota, imapindika pa kumenya koyamba. Lamba amathandiza pawiri: amachepetsa liwiro, ndiponso amaterereka chida chikaima mwadzidzidzi, mota ndi ESC n'kupulumuka. Kuti atero, gwiritsani ntchito lamba wobulungira, kapena wamano koma pule ya ku chida ikhale yosalala. Maginito a m'kati mwa mota amamatuka ndi kugunda. Amisiri amadzaza epoxy m'mipata ya pakati pawo, mosamala kuti asakhudze mbali yosazungulira. Musanachimange, lowetsani chidacho pa shafuti n'kuchisiya: mbali imene ikutsika yokha nthawi zonse ndi yolemera, ipaleni mpaka chiziima paliponse. Chosalingana chimanjenjemeretsa loboti mpaka mabawuti kumasuka okha.

Chida chimenechi sachiyesera poyera, ngakhale kwa sekondi imodzi, ngakhale mutavala magalasi. Khomani bokosi la plywood ya mamilimita 18, loonera la polycarbonate ya mamilimita 6, makamaka ziwiri zosiyana kampata pakati. Galasi ndi acrylic zimasweka n'kukhala zida nazonso. Ngati bokosi simungalipange, chidacho chidikire bwalo la mpikisano, kapena chisiyeni ulendo uno.

Masabatawo muwagawe chonchi

Sabata yoyamba: malamulo, pulani, ndi kuitanitsa katundu yense nthawi imodzi, popeza kuchedwa kwa katundu ndi kumene kumadya nthawi kuposa ntchito yeniyeniyo. Mamota oyendetsa, ma ESC, malamba ndi matayala itanitsani ndi masipeya omwe. Katundu akafika, musadikire thupi: mangirirani mamota ndi magetsi pakathabwa, muyambe kuyendetsa tsiku lomwelo. Zolakwika za mawaya ndi limoti zimaoneka msanga zili poyera. Thupi lithe pofika sabata yachinayi, chida yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi. Masabata awiri omaliza musawonjezere chatsopano chilichonse.

M'masabata awiriwo ntchito ndi kuiphwanya nokha. Chida chili chokhoma, igwetseni pasimenti kuchokera m'chiuno, chamimba, chagada, chammbali ndi pakona, n'kuona ngati ikuyendabe. Ithamangitsireni kukhoma pa liwiro lonse kakhumi. Chilichonse chimene chamasuka, funsani chifukwa chake, musangochithina n'kupitiriza. Lembani pansi bwalo la msinkhu wa la mpikisano, muikemo bokosi lolemera ngati loboti yanu, muzilizungulira n'kulilowa cham'mbali, kapena mnzanu aziyendetsa kagalimoto koseweretsa inu muzikathamangitsa. Yesererani kwambiri loboti ikamabwera chakwa inu, pamene kumanja kumasanduka kumanzere, komanso ili chagada. Muziyendetsa mphindi zitatu zathunthu ndi wotchi, kenako muyeze batire ndi kukhudza mamota. Selo ikamatsala pansi pa 3.6 V, batire lachepa. Mota ikamatentha moti chala sichingakhalepo, magiya achepa kapena pali chimene chikukhulana ndi tayala.

Patsikulo fikani ndi loboti yopepuka ndi magalamu 20 kapena 30 kuposa malire, chifukwa sikelo yawo ndi yanu sizingafanane ndendende, ndipo yawoyo ndi imene imawerengedwa. M'bokosi la zida mukhale chowotcherera, mtovu, tepi, guluu, Loctite, makiyi awiriawiri, tchaja ndi thumba lake, ndi mamota osinthira owotchereredwa kale mawaya. Nkhondo iliyonse ikatha, ngakhale mwapambana osagundidwa, tulutsani batire muliyang'ane mbali zonse, zungulitsani tayala lililonse ndi dzanja mukumvetsera ngati magiya akulira mwachilendo, pukutani fumbi pa matayala, ndipo pitani ndi kiyi pa bawuti iliyonse, kuyambira ya pa matayala.